Kamba wa ku Joni ndi Manda a Amayi

Lachisanu, 3 Okutobala

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso omwe sindinawerengere. Kunja kunali kutatentha kale dzuwa lisanatuluke.

Mawa amalume akufuna ndikaloze pomwe anagona amayi anga kuti amisiri amangepo chiliza. Simenti anagula kale, njerwa zili pakhonde. Manda akwathu anakwiririka ndi mchenga wa madzi osefukira, ndipo palibe amene akudziwanso pomwe panali mtumbira wa amayi. Amalume akuti ine ndingadziwe, poti ku Joni ndinkagwira ntchito ndi makina odziwa malo. M'kalasi lero sindinamve kanthu. Ndiye ndati ndilembe za ku Joniko, mwina pomaliza ndidziwa chokawayankha.

Ndinachoka ndili mu Folomu 2. Chaka chimenecho mapira anapsa ndi dzuwa, abambo anali atatisiya kale, ndipo sukulu inandikanika. Amayi anali ndi mnzawo wa ku Marka, mayi Chanaze, yemwe kale ankagulitsa naye nsomba zouma pa Bangula. Mayi Chanazewo anali atazolowera kale za ku Joni. Atabwera kudzaona ana awo anati pafamu pomwe amagwira pakufunika manja ena, ndipo amayi analola kuti ndipite nawo.

Amayi anatiperekeza mpaka padoko pomwe timakwera bwato lowolokera ku Bangula. Sanalire. Anandikulungira milamba yowamba m'nyuzipepala, kenaka anatembenukira kwa mnzawo.

“Amwali, ndakupatsani mwana wa maso awiri. Mudzandibwezere wa maso awiri.”

“Pyadidi,” anavomera m'Chisena mayi Chanaze. “Koma akadzandichitira mwano ndidzachotsako limodzi.”

Anaseka onse awiri mpaka wopalasa bwato anawakalipira kuti akumuchedwetsa. Kuseka kwa amayi komwe ndinadzakumva pambuyo pake kunali kwa pafoni kokhakokha.

Za m'njira ndimakumbukira zochepa: mlatho wa ku Tete, miyendo yotupa, ndi mizere ya pachipata cha m'malire pomwe aliyense ankayankhula motsitsa mawu. Famuyo inali kutali ndi tauni, m'mbali mwa kamtsinje kosafika ngakhale theka la Ruo. Tinkagona m'nyumba yaitali ya malata yogawidwa ndi mabolodi, kotero munthu akatsokomola kumapeto uko, kuno timati pepani. Chomwe chinandizunza si ntchito koma chisanu. Mwana wa m'chigwa sadziwa kuti madzi amatha kuuma m'ndowa. M'mawa zala zinkakana kugwira khasu. Mayi Chanaze ankandikulunga mapazi ndi matumba a anyezi ndisanavale majombo, akunena kuti, “A Folomu Thuu, zala izi muzisunge, mudzalembera mayeso.” Dzina limenelo linandikanirira. Ngakhale anzathu a ku Mozambiki ndi a ku Lesotho ankandiitana choncho osadziwa tanthauzo lake.

Poyamba ndinkapalira ndi kukolola anyezi monga wina aliyense, msana uli chiweramire. Kenaka mwini famu anagula makina. Anali ngati thebulo lalikulu la matayala, pamwamba pali masola, kunsi kuli timakasu ting'onoting'ono. Ankayenda okha, pang'onopang'ono, moti khanda lokwawa likanawapitirira. Tinawatcha Kamba. Folomani wathu, a Moyo, anali a ku Zimbabwe koma ankayankhula chinenero chathu chifukwa agogo awo anachokera ku Ntcheu. Iwo anandisankha kuti ndiziyenda pambuyo pa Kamba poti ndinkatha kuwerenga Chingerezi cha pa kagalasi kake. Ntchito yanga inali kuthira njere, kupukuta fumbi pa masola, kuchotsa udzu wokola m'timakasu, ndi kuthamangira a Moyo nyale ikasintha mtundu.

Tsiku loyamba a Moyo anatisonkhanitsa kumunsi kwa munda. Panali mzati wachitsulo wozikidwa pansi, pamwamba pake pali kanthu koyera ngati kambale kovundikira.

“Mukukaona kambale aka? Pano wamkulu ndi kameneka. Bwana amabwera pambuyo.”

“Kodyera mbalame?” anafunsa mayi Chanaze.

“Mayi inu, mverani kaye. Kumwamba kuli masetilaiti. Ndi omwe amauza foni pomwe munthu waima, koma amaphonya, nthawi zina kutalika kwa nyumba yathunthu. Tsono kambale aka sikasuntha, ndipo malo ake enieni tinakauza kale. Masetilaiti akati kali apo, pomwe iko kakudziwa kuti kali pano, kamazindikira kuti lero aphonya motani. Ndiye kamanong'oneza Kamba pawailesi, Kamba n'kukonza. Akatero saphonyanso kuposa kunenepa kwa chala.”

Sindinakhulupirire mpaka nditaona. Kamba ankabzala njere imodziimodzi, n'kusunga m'mutu mwake pomwe waika iliyonse. Pobwera kudzapalira, timakasu take tinkadutsa pakati pa mbewu ndi mbewu osakhudza, ngakhale mbewuzo zisanamere n'komwe. Maso analibe. Sankasiyanitsa anyezi ndi chisoso. Ankangodziwa kuti apa ndinaikapo kanthu, apa sindinaikepo. Komabe sikuti ankatha paliponse. Akafika kufupi ndi mabulugama a kumalire, kapena kuseri kwa shedi yaitali, mawu a kumwamba ankamufika modukaduka, nyale yobiriwira n'kusanduka yachikasu, iye n'kuima. Nthawi zina ndinkakhala naye pamenepo mpaka mthunzi kusuntha. Mizere ya kumitengoko inatsala ya makasu a anthu.

Nyengo yotsatira amayi opalira anachepa. Ena anauzidwa kuti adikire nthawi yokolola, ndipo ambiri sanabwerenso. Mayi Chanaze anatsala, koma Kamba sanamukhululukire. Ankamutcha mkazi mnzawo.

“Mwadzuka bwanji, mkazi mnzanga?” ankatero podutsa m'mawa. “Mwalanda khasu, mwalanda mwana wanga. Mawa mudzalanda bulangete.”

Mwezi ukatha tinkapita ku tauni kukatumiza kangachepe kumudzi, kenaka ndinkaimbira amayi. Anafolera nyumba ndi malata, mng'ono wanga Lusiya anapeza yunifolomu. Koma nkhani yomwe amayi ankaikonda inali ya Kamba.

“Kodi Kamba wakoyo amadya chiyani?”

“Dzuwa, amayi.”

“Ha! Ubwere naye kuno adzanenepe.”

Ndinati mwina tsiku lina adzafika, adzatipalirire kudimba. Amayi anati, “Adzasokonezeka mutu. Kuno Shire amalemba malire mwatsopano chaka chilichonse.”

Uthenga wa maliro unandipeza m'munda, m'mawa, ndikupukuta masola. Anaimba ndi Lusiya. Amayi anadwala masiku ochepa chabe. Ndinakhala pansi pakati pa mizere, Kamba n'kumapitirira yekha. A Moyo anandiuza zoona: mapepala anga anali atatha, ndikatuluka sindidzalowanso, ndipo ngakhale nditakwera basi tsiku lomwelo ndikapeza ataika kale. Kutentha kwa kwathu sikudikira wa kutali.

Mayi Chanaze anaponya khasu pansi osapempha chilolezo kwa munthu. Anaitana amayi onse, a kwathu ndi a mitundu ina, anayala matumba panja pa nyumba yathu ya malata, n'kundikhazika pakati. Anandimanga chitenje chawo m'chiuno. Anayambitsa nyimbo ya maliro m'Chisena, a ku Lesotho n'kumangotsatira ndi kung'ung'udza. Maliro a amayi anga ndinawalira pamenepo, pa matumba a anyezi. Tsiku loika ndinalembera Lusiya kuti, mwawaika pati? Sindikudziwa chomwe ndinkafuna kumva. Iye anaima kumandako n'kunditumizira kadontho ka pa mapu a pafoni. Ndinkakatsegula kawirikawiri, kadontho kofiira pakati pa zobiriwira, pafupi ndi pomwe Ruo amakumana ndi Shire.

Dzinja la chaka chomwecho kunagwa mvula yamphamvu. Linali Lamulungu, a Moyo ndi mwini famu kunalibe, ine ndinali nditapita ku tauni ndi anzanga. Kamtsinje kaja kanadzaza, madzi ofiira n'kuyamba kukwera kumunsi kwa munda. Anthu ena ankangoonerera. Koma munthu wa ku Marka saonerera madzi ofiira. Kwathu madzi akayamba kununkha matope, umanyamula chilichonse chonyamulika n'kuthawira nacho kumtunda, chako kapena cha mnzako, mafunso pambuyo. Mayi Chanaze anakokera mapaipi kumtunda, anasenza matumba a feteleza, kenaka anakumbukira mawu a a Moyo akuti wamkulu pano ndi kambale. Analowa m'matope, anagwedeza mzati uja mpaka unazuka, anakulunga kambale m'chitenje ngati khanda, n'kukasiya m'shedi.

Madzi anabwerera asanafike pomwe panali mzati. M'mamawa mayi Chanaze anaubweza, anauimika mowongoka, n'kupondaponda dothi. Sanauze munthu. Kwa iwo sichinali chinthu chodzitamandira nacho.

Ndinadzutsa Kamba monga mwa masiku onse. Nyale inali yobiriwira. Anyezi anali atangomera, woonda ngati singano, ndipo m'dothi lonyowa sankaoneka bwino. Ndinayenda pambuyo pake mizere ingapo ndisanawerame. Nditawerama ndinaona timbewu tonse tagona chammbali, todulidwa bwinobwino, udzu wokha uli chiimire. Ndinathamanga kukamuzimitsa, koma chigawo chachikulu chinali chitapita. Mzati unali utasuntha ndi chikhatho chimodzi, ndipo munda wonse wa m'mutu mwa Kamba unasuntha nawo. Kambale kankanenabe molimba mtima kuti kali pamalo pake pakale.

Mwini famu atafika anayamba ndi ine. Mayi Chanaze anatuluka pagulu.

“Musiyeni mwana. Ndazula ndine.”

A Moyo ankamasulira, ndipo ndinaona kuti mawu ena a bwanayo ankawameza.

“Akufunsa kuti munazuliranji.”

“Madzi amabwera. Ndikanausiya upite?”

“Akuti munaubweza pati?”

“Pomwepo.”

“Pomwepo penipeni, mayi?”

“Pomwepo! Kodi chikhatho chimodzi ndi ulendo?”

Mwini famu anawauza kuti alongedze. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pageti. Sanadandaule zambiri, anangoti, “Kwathu wosiya katundu m'madzi ndiye chitsiru. Kuno chitsiru ndi wopulumutsa. Nkhabe, palibe mlandu, dziko la eni ndi la eni.” Kenaka anandigwira chibwano n'kundiyang'ana m'maso, lina kenaka linzake.

“Onse awiri alipo,” anatero. “Tsono ndikabweza kwa yani?”

Ndinamva kuti anakapeza ntchito ku minda ya mphesa, kutali kummwera. Nambala yawo inasiya kugwira.

Ndinakhalako nyengo inanso. A Moyo anamangira mzati uja konkire, ndipo anandiphunzitsa kuyesa kaye pa chikhomo chodziwika ndisanamulole Kamba kulowa m'munda. Koma popanda mayi Chanaze nyumba ya malata ija inali itandikulira. Nditamva kuti kumudzi madzi alowa ndipo anthu athawira kumtunda, ndinalongedza.

Mudzi womwe ndinausiya sindinaupeze. Pomwe panali nyumba, minda ndi njira ya kuchigayo pali mchenga woyera, wotentha, wofika m'chiuno mwa munthu kuya kwake. Malata a amayi anapita. Anthu anamanga kumtunda kuno, mosanjikizana ndi a midzi ina. Lusiya ndinamupeza ali ndi mwana kumbuyo, akundipatsa ulemu wa mlendo, “achemwali a ku Joni,” mpaka kundigwadira popereka madzi. Amalume, omwe kale ankaseketsa anthu pa bawo, anachita imvi ndipo amayankhula moyang'ana pansi. Ndi iwo anandilimbikitsa kubwerera kusukulu. Pano ndili mu Folomu 3, anzanga a m'kalasi amanditcha anti, ndipo sindidandaula. Ndikufuna ndidzaphunzire zoyeza malo.

Kumanda mitengo yonse yomwe anthu ankazindikirira inakokoloka. Adzukulu omwe anakumba manda a amayi anapitako ndi amalume, wina analoza uku, wina uko, mpaka anakangana. Ndi pamene Lusiya anakumbukira za kadontho kaja.

Dzulo nditaweruka tinapitako ndi Lusiya, poti amalume anapempha kale chilolezo kwa amfumu. Ndinatsegula foni. Kadontho kofiira kalipo ndithu. Koma kadontho kabuluu, kosonyeza pomwe ndaima ine, kankayendayenda ine ndili chiimire, ndipo kanazunguliridwa ndi bwalo lotuwa lalikulu ngati bwalo la nyumba. Ndinasuntha mpaka timadontho tiwiri tinakumana. Ndisanapume n'komwe, kabuluu kanatsetserekera cha kumtsinje. Foni ya Lusiya nayonso inkaphonya chimodzimodzi tsiku lomwe ankatumiza, ndipo iye sakukumbukira ngati anaima kumutu kwa mtumbira kapena kumbuyo kwa anthu oimba.

Madzulo ano amalume anandiitana pansi pa mtengo wa nimu. Lusiya anakhala chapatali, akuyamwitsa.

“Amisiri abwera mamawa, dzuwa lisanakwiye,” anatero amalume. “Foni yako ili ndi moto?”

“Ili nawo, amalume. Koma foni imadziwa dera chabe. Malo enieni siidziwa.”

“Si iwe unkatiuza kuti makina ako ankadziwa pomwe pali njere ya anyezi?”

“Ankadziwa.”

“Tsono mayi ako achepa kuposa njere ya anyezi?”

Ndinayesa kufotokoza kuti njere ija inayezedwa tsiku lomwe inkabzalidwa, ndi makina okhala ndi mzati wake wosasuntha, pomwe amayi sanawayeze munthu. Ngakhale atabwera lero akatswiri ndi zipangizo zawo zonse, angatiuze bwinobwino pomwe taima ife, koma osati pomwe anagona iwo.

Amalume anayamba kufukula dothi ndi kamtengo.

“Ukuganiza kuti sindikudziwa zimenezo?” anatero motsitsa. “Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Ndikamadutsa pamsika anthu amati, uyo anataya mlongo wake kawiri. Adzukulu akaloza, anthu atsutsa. Ndikaloza ine, atsutsa. Koma ukaloza iwe, foni ili m'manja, wochokera ku Joni, palibe adzatsegule pakamwa. Loza chabe. Mulungu akudziwa pomwe ali.”

“Nanga tikamanga pa munthu wina?”

“Maliro sunabwere,” anatero. Sanakweze mawu. “Sindikukuimba mlandu. Koma ichi chokha tichitire.”

Ananyamuka n'kupita kukaona mbuzi. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa inenso ndikuchifuna chilizacho. Ndikufuna malo oti ndikagwadepo, ndikanene kuti amayi ndabwera. Ndikanatha kungoyenda pamchenga paja, kuyang'ana pafoni mwaulemu, n'kuima paliponse. Amalume akanagona tulo.

Ndinafunsa Lusiya kuti pafupi ndi amayi panagona ndani. Anawerenga pa zala: agogo ena aamuna a banja la kutsidya kwa msewu, msodzi wina yemwe bwato lake linagubuduzika, ndi kamtsikana ka a Nyakhuwa, komwe kanamwalira kakuphunzira kuyenda, sabata yomweyo ya amayi.

“Kanagona pafupi kwambiri,” anatero Lusiya. “Anthu ankati amayi akalera. A Nyakhuwa Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi amapita kukaima m'mphepete mwa mchenga muja. Salowa. Amati akuopa kumuponda.”

Ndakhala ndikuganiza za mayi ameneyo kuyambira pamenepo. Ndikaloza mwachisawawa, mwina tidzathira simenti pamwamba pa mwana wawo n'kulembapo dzina la amayi anga, iwo ali chiimire m'mphepete, akukhulupirira kuti foni yanena zoona. Ndipo palibe adzatsutse, monga anenera amalume. Chimenecho ndiye chikundiopsa.

Mawa ndipita, koma sindikaloza malo amodzi. Ndikatenga ndodo. Ndikayenda mozungulira dera lonse lomwe foni ikukayikira, ndikuwonjezerako ndi pomwe analoza adzukulu onse awiri, ndikulemba mzere pamchenga. Ndikatero ndidzawauza amalume pamaso pa amisiri kuti amayi ali m'kati umu, pamodzi ndi anzawo, ndipo kupitirira apa sindikudziwa. Ndidzawapempha kuti njerwa zathu tisamange pamwamba pa munthu, koma m'mphepete mwa mzerewo, mwala umodzi wa onse ogona m'katimo, ngati mabanja awo ndi amfumu angalole. Mwina amalume adzakwiya. Mwina adzandisiya pamchenga pomwepo n'kubwerera ndi amisiri awo. Ndikuopa, koma bodza limeneli likauma ndi simenti silidzafafanizikanso.

Ndisanapite kumandako ndidzadzera kaye kwa a Nyakhuwa, ndikawapeze akusesa. Sindinayankhulepo nawo chibwerere. Ndidzawapempha kuti tipitire limodzi, ndipo ndidzawafunsa dzina la mwana wawo, chifukwa Lusiya waliiwala ndipo amisiri adzalifuna.